Mutu 12: Kulera Axolotl mu Mzinda Wotentha

Pakati pa nyama zimene zatchuka pa mafoni m'zaka zino pali kanyama kena ka m'madzi, koyera mofiirira, ka mutu wophwatalala ndi kukamwa kooneka ngati kakumwetulira. Dzina lake ndi axolotl. Ana ambiri anakadziwa mu 2021 pamene kanalowetsedwa m'masewera a pakompyuta a Minecraft, ndipo chaka chomwecho dziko la Mexico linakajambula pa ndalama yake yapepala ya 50 peso. Wachinyamata wa ku Ndirande kapena ku Machinjiri akakaona pa TikTok, mtima umadyokoka, n'kuyamba kufunsa ngati nayenso angathe kukaweta pakhomo.

Funso limeneli ndi labwino, ndipo likufunika yankho loona. Woweta nyama ya m'madzi ntchito yake yaikulu ndi kusamala madziwo. Madzi akafanana ndi a kwawo kwa nyamayo, imakula bwino. Akasiyana, imafooka mwakachetechete mpaka kufa. Choncho tiyambe taona kumene axolotl amachokera, kenako tione zimene tiana take timafuna, ndipo pomaliza tiyese zonsezi ndi moyo wa m'makomo athu muno mu Blantyre.

Nyama yokalamba ili mwana

Axolotl si nsomba, ndiponso si buluzi ngakhale ali ndi miyendo inayi ndi mchira. Ali m'gulu limodzi ndi achule, ndipo akatswiri a sayansi amamutcha Ambystoma mexicanum. Aliyense amene anasewerapo m'mphepete mwa Nasolo, Naperi kapena Mudi nthawi ya dzinja amadziwa moyo wa mbululu: imaswedwa m'madzi, imamera miyendo, mchira umatha, kenako imatuluka ili chule. Axolotl amayamba ulendo womwewo koma saumaliza. Amamera miyendo, amakula mpaka masentimita 20 kapena 30, amafika poikira mazira, koma thupi lake limakhalabe la ubwana ndipo satuluka m'madzi moyo wake wonse. Tinthenga titatu timene timaoneka mbali iliyonse ya mutu wake ndi ziwalo zopumira. Amapumanso kudzera pakhungu, ndipo n'chifukwa chake chilichonse choipa chimene chili m'madzi chimalowa m'thupi mwake msanga.

Chimene chimazunguza mitu ya asayansi ndi mphamvu yake yomeretsanso ziwalo. Mwendo ukaduka, wina umamera, wokhala ndi mafupa, mitsempha ndi zala, popanda chipsera. Amatha kukonzanso mbali za mtima, za msana ndi za ubongo. M'zaka za m'ma 1860 ma axolotl amoyo anatengedwa ku Mexico kupita ku Paris, kumene katswiri wina, Auguste Duméril, anawaswetsa n'kugawira anzake m'mayiko a ku Ulaya. Kuyambira pamenepo akhala akuwetedwa m'nyumba zofufuzira. Mu 2018 asayansi anafalitsa zotsatira za kuwerenga malangizo a chibadwa a m'maselo ake, ndipo anapeza kuti ndi ochuluka pafupifupi kakhumi poyerekeza ndi a munthu. Chiyembekezo chawo n'chakuti tsiku lina nzeru zimenezi zidzathandiza pochiza mabala a anthu.

Akasamalidwa bwino, axolotl amakhala zaka 10 mpaka 15. Mwana wa Sitandade 5 amene walandira kamodzi lero akhoza kumaliza Fomu 4 kakadali moyo. Ameneyu si mlendo wa masiku awiri.

Kwawo ku Xochimilco

Padziko lonse, axolotl ankapezeka m'nyanja ziwiri zokha, Xochimilco ndi Chalco, m'chigwa chimene lero muli mzinda wa Mexico City. Malowa ali pamtunda wa mamita oposa 2,200 kuchokera pamene pamalekezera madzi a nyanja yamchere, kutanthauza kuti ndi okwera kuposa phiri la Ndirande kapena la Soche. Madzi ake ndi ozizira, odekha, a matope pansi ndi zomera zambiri. Aaziteki, anthu akale a m'chigwachi, amene ankalima m'minda yomangidwa pamadzi yotchedwa chinampa, ankamudya axolotl ndiponso ankamulemekeza pomugwirizanitsa ndi mulungu wawo Xolotl.

Nyanja ya Chalco inaphwetsedwa, ndipo ya Xochimilco inangotsala ngalande. Mzinda unakula, zonyansa zinalowa m'madzi. Kenako anthu anathiramo nsomba zachilendo pofuna kuchulukitsa ndiwo: carp wa ku Asia ndi tilapia wa ku Africa kuno, m'bale wake wa chambo ndi makumba. Nsomba zimenezi zinayamba kudya mazira ndi tiana ta axolotl. Kafukufuku wa 1998 anapeza ma axolotl pafupifupi 6,000 pa sikweya kilomita imodzi. Pofika mu 2008 anatsala pafupifupi 100, ndipo mu 2014 sanafike ndi 40 omwe. Bungwe la IUCN linamuika m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu. Lero Luis Zambrano wa ku yunivesite ya UNAM ndi anzake akugwira ntchito ndi alimi a chinampa, kutchinga ngalande zina kuti tilapia asalowemo, axolotl apezenso pothawira.

Zimene woweta ayenera kugwira pa mbiri imeneyi ndi zitatu: madzi ozizira, madzi odekha, madzi opanda nsomba zina.

Chopinga choyamba: kutentha

Axolotl amasangalala madzi akakhala pa madigiri 16 mpaka 18. Akapitirira 20 amayamba kuvutika, ndipo akakhala pa 24 kapena kuposa kwa masiku angapo, amasiya kudya, amagwidwa matenda, nthawi zambiri amafa. Chifukwa chake n'chakuti madzi ofunda amasunga mpweya wochepa, pamene thupi la nyamayo likatenthedwa limafuna mpweya wambiri.

Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikamawomba ku Bangwe ndi ku Limbe, madzi a m'nyumba amazizira okha mokwanira. Vuto limabwera mu Okutobala ndi Novembala, pamene masana amafika madigiri 30 ndi kuposa, ndipo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mumatentha koposa kunja. Madzi a m'thanki amatsatira kutentha kwa chipinda.

Njira zoziziritsira zilipo. Fani yowomba pamwamba pa madzi imatsitsa madigiri awiri kapena atatu, makamaka m'chilimwe pamene mpweya ndi wouma. Mabotolo a madzi oundana oyandamitsidwa m'thanki amathandiza, koma amafuna munthu wosinthasintha tsiku lonse, ndipo kukwera ndi kutsika kwa kutentha nakonso kumadwalitsa. Njira yodalirika ndi makina oziziritsira madzi a m'thanki, amene ndi odula, amachokera kunja ndipo amadya magetsi usana ndi usiku.

Apa ndi pamene nkhani ya magetsi imalowa. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzimazima kunatenga miyezi yambiri. Amene analipo akukumbukira mafiliji atasanduka makabati. Fani, filiji ndi makina oziziritsira zonse zimaima nthawi imodzi magetsi akazima. Wopanda sola ndi batire lokwanira ayenera kudziwa kuti masana amodzi a mu Novembala akhoza kupha nyama imene wailera chaka chathunthu.

Choncho musanagule chilichonse, gulani choyezera kutentha. Ikani ndowa ya madzi pansi pasimenti, m'chipinda chozizira kuposa zonse, kutali ndi windo ndi mbaula. Yezani m'mawa, masana ndi madzulo mwezi wonse wa Okutobala, muzilemba m'kope. Manambala amenewo ndi amene angakuuzeni zoona.

Madzi a pampopi

Madzi ambiri a Blantyre Water Board amapopedwa kuchokera mu Shire pa Walker's Ferry, ena ku damu la Mudi ndi ku Likhubula ku Mulanje. Asanafike pampopi kapena pakiyosiki amathiridwa kulorini kuti aphe tizilombo. Kwa munthu zimenezi ndi chitetezo, ndipo amene anaona kolera ya 2022 ndi 2023 sangatsutse. Kwa axolotl kulorini amawotcha ziwalo zopumira. Madzi ake azikhala pa okha, osasakaniza ndi akumwa amene mwathiramo mankhwala. Muwasiye m'ndowa tsiku limodzi kapena awiri kuti kulorini auluke, mutaphimba ndi kansalu kapena neti kuti udzudzu usaikiremo mazira. Chabwino koposa ndi kuthiramo mankhwala ochotsa kulorini amene amagulitsidwa pamodzi ndi zipangizo zowetera nsomba. Ndowa yake ikhale yakeyake, yosalowamo sopo. Madzi a m'mitsinje ya mumzinda musawayese n'komwe, chifukwa muli zonyansa za m'mafakitale ndi m'zimbudzi.

Palinso poizoni wina amene nyamayo imapanga yokha. Ndowe zake ndi zakudya zotsala zikamawola zimatulutsa amoniya. M'thanki yokhazikika mumakhala mabakiteriya abwino amene amakhala m'sefa ndi pamiyala. Gulu lina limasandutsa amoniya kukhala nayitiraiti, amenenso ndi woopsa, ndipo gulu lina limasandutsa nayitiraiti kukhala nayitireti, amene savulaza akakhala wochepa ndipo amachoka posintha madzi. Mabakiteriyawa amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achulukane. Oyamba kumene ambiri amagula thanki ndi nyama tsiku limodzi, ndipo pakatha sabata amadabwa kuti yafa madzi ali mbee. Amoniya saoneka ndi maso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha: thanki iyambe kugwira ntchito mwezi wathunthu isanalandire mwini wake.

Tiana tating'ono sitifunika thanki yaikulu. Oweta odziwa amatilera m'timabeseni ta pulasitiki toyera bwino, ta madzi osaya, n'kumasintha madzi onse tsiku lililonse. Madzi atsopano akhale ozizira mofanana ndi akale. Njira imeneyi safuna pampu, koma imafuna madzi osaphonya. Ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa, kumene mpopi umatha kuuma masiku angapo, chigubu cha madzi okonzeratu chizikhala chodzaza nthawi zonse.

Kudyetsa tiana

Axolotl wamkazi amaikira mazira mazanamazana, n'kuwamata limodzilimodzi pa zomera. Amaswa pakatha pafupifupi masabata awiri. Kamwana kamatuluka kali kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kopanda miyendo. Tsiku loyamba kapena awiri sikadya, chifukwa kamakhala kakumaliza chakudya cha m'dzira chimene chili m'mimba mwake. Kenako njala imayamba, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwa mphwayi: kamwanaka kamangodya chinthu chamoyo, choyenda. Gaga, nyenyeswa za buledi kapena usipa wosinja sikaziona ngati chakudya. Zimangowola n'kuipitsa madzi.

Chakudya chodziwika cha msinkhu umenewu ndi tinkhanu tating'onoting'ono totchedwa Artemia. Mazira ake amagulitsidwa ouma. Mukawaika m'madzi amchere ofunda, owomberedwa mpweya, amaswa pakatha tsiku limodzi kapena awiri. Musanadyetse, titsukeni m'madzi opanda mchere, ndipo totsala tichotseni chifukwa timafa pakapita maola ochepa. Chakudya china ndi tizilombo ta m'madzi totchedwa Daphnia. Dyetsani kamodzi kapena kawiri patsiku. Poti khungu la kamwana limaonekera mkati, mimba yofiirira imakuuzani kuti kakhuta.

Miyendo yakutsogolo imayamba kumera, yakumbuyo n'kutsatira pakapita masabata angapo. Nthawi imeneyi tiana timalumana. Chilichonse chogwedezeka pafupi ndi kamwa chimamezedwa, kaya ndi mwendo wa mnzake. Wamkulu amatha kumeza wamng'ono wathunthu. Tisiyanitseni potengera kukula, ndipo ngati malo alipo, kalikonse kakhale m'kabeseni kake. Mwendo wodukawo udzameradi, koma bala limalowetsa matenda ndipo limachedwetsa kukula.

Akafika masentimita anayi kapena asanu, yambani kuwapatsa nyongolotsi zoduladula. Apa woweta wa kuno ali ndi mwayi, chifukwa nyongolotsi ndi chakudya chabwino kwambiri cha axolotl ndipo zimawetedwa mosavuta m'bokosi la dothi lonyowa ndi masamba owola. Musakumbe m'dimba lopoperedwa mankhwala kapena pafupi ndi dzala ndi ngalande za zonyansa. Wachichepere amadya tsiku ndi tsiku, wamkulu kawiri kapena katatu pa sabata. Kwa woyamba kumene, nzeru ndi kupeza mmodzi yekha amene wamera kale miyendo yonse inayi ndipo akudya nyongolotsi, m'malo moyambira pa mazira.

Pokhala pake ndi zizindikiro za matenda

Wamkulu mmodzi amafuna thanki ya malita 75 kapena kuposa, yotambalala osati yaitali m'mwamba, chifukwa amayenda pansi. Musaikemo timiyala ting'onoting'ono. Axolotl amadya mochita kuyamwa, ndipo kamwala kakalowa m'mimba kamatseka matumbo. Kwa tiana, pansi pakhale popanda kanthu. Sefa ikhale ya siponji, yosathamangitsa madzi. Alibe zikope, choncho kuwala kwambiri kumamusautsa: muikireni kamphika kadothi kogoneka kapena chidutswa cha paipi kuti azibisalamo. Musamugwire ndi manja, chifukwa khungu lake ndi lofewa ndipo manja athu ndi ofunda. Pomusamutsa, mukapeni ndi kachitini pamodzi ndi madzi ake. Sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, ndipo sefa muziitsukira m'madzi ochokera m'thanki momwemo kuti mabakiteriya abwino asafe.

Axolotl salira, koma thupi lake limanena. Tinthenga topumira tikapindikira kutsogolo, nsonga ya mchira ikapindika, akamakana chakudya, akamayandama osatha kumira, kapena pakhungu pakamera zoyera ngati thonje, pali vuto. Musathamangire mankhwala, popeza ambiri a nsomba ndi poizoni kwa iye. Yambani mwayeza kutentha, kenako musamutsireni m'madzi oyera, ozizira, opanda kulorini. Matenda ambiri a axolotl amachokera m'madzi, ndipo madzi akakonzedwa msanga amachira.

Malamulo ndi udindo

Axolotl ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, limene Malawi anasaina nawo. Kumudutsitsa pamalire kumafuna zilolezo. Kumubisa m'chikwama pa basi ya ku Johannesburg ndi kuphwanya lamulo, ndiponso ulendo wotentha wa masiku awiri kudzera ku Tete ndi imfa kwa iye. Wofuna kuitanitsa nyama yamoyo ya m'madzi ayambe wafunsa ku Dipatimenti ya za Usodzi ndi ku Dipatimenti ya Malo Osungirako Nyama Zakutchire.

Lamulo lina ndi lakuti chamoyo chachilendo chisatayidwe mumtsinje kapena m'damu, ngakhale mutatopa nacho. Madzi a Mudi amakathera mu Shire. Namasupuni, amene amadzaza mtsinjewu ku Liwonde n'kumatseka makina opangira magetsi, kwawo ndi ku South America, ndipo anafalikira padziko chifukwa anthu anakopeka ndi maluwa ake. Zimene tilapia anachita ku Xochimilco, nyama yachilendo ingachitenso kuno.

Poyambira poyenera

Woona mtima ayenera kunena kuti m'nyumba zambiri za m'matauni athu axolotl sangakhale bwino. Amene ali ndi chipinda chozizira, magetsi osaduka, madzi osungira ndi zilolezo akhoza kuyesa. Kwa ena onse pali nyama ina imene anthu a ku Germany, America ndi Japan amalipira ndalama zambiri kuti aione m'nyumba zawo, ndipo kwawo ndi konkuno: nsomba za mbuna.

Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko, ndipo yambiri sipezeka kwina kulikonse. N'chifukwa chake malo otetezedwa a Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, amene anakhazikitsidwa mu 1980, analowa m'kaundula wa UNESCO wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant ankatumiza nsomba zokongolazi kunja kuchokera ku Kambiri Point ku Senga Bay, ndipo lero zimaswetsedwa m'mayiko ambiri.

Mbuna zimafuna madzi a madigiri 24 mpaka 28. Kutentha kwa Okutobala kumene kumapha axolotl n'kumene izo zinazolowera. Chofunika ndi kuzitenthetsera madzi pang'ono nthawi ya chiperoni. Zimafuna thanki yaikulu, miyala yambiri yosanjikizana yoti zizibisalamo, mpweya wokwanira ndi chakudya chokhala ndi zamasamba, popeza kunyanja zambiri zimadya ndere za pamiyala. Ndi zandewu, choncho yaimuna imodzi izikhala ndi zazikazi zingapo. Mtundu wachikasu wa Labidochromis caeruleus, wochokera cha ku Nkhata Bay, ndi wofatsirapo ndipo umayenera woyamba. Kulera ana ake n'kosavuta, chifukwa mayi amafungatira mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, n'kulavula tiana totha kale kusambira ndi kudya chakudya chosinja. Zonse zimene taphunzira za kulorini, amoniya ndi kudekha zimagwiranso ntchito pano. Nsombazo zipezeke mwa njira yovomerezeka, osati zogwidwa m'madzi otetezedwa.

Axolotl wadzaza m'mathanki a padziko lonse pamene kwawo akutha. Ifenso sitili kutali ndi zimenezi: mu 2018 bungwe la IUCN linaika mitundu itatu ya chambo m'gulu lomwelo la nyama zotsala pang'ono kutheratu. Mwana wa ku Bangwe amene waphunzira kuyeza madzi, kudikira mwezi wathunthu ndi kuzindikira nsomba yodwala, wayamba kale kuphunzira ntchito imene nyanja yathu ikufuna. Mupatseni kope ndi choyezera kutentha, ndipo asankhe nyama imene madzi a pakhomo pake angathe kuisunga.